Ulendo wa ku Biwi kukasaka mawaya a mabuleki

Amene timalowa mumzinda wa Lilongwe kuchokera mbali ya ku Dedza, ku Biwi timangokudziwa ndi maso. Minibasi ikangodutsa pamphambano ya ku Bunda, aliyense amayamba kufufuza kachikwama kake, maganizo ali kudepoti, ndipo za m'mbali mwa msewu zimangodutsa: mageti achitsulo otsamira khoma, matayala osanjikizana, galimoto zopanda magalasi zitakhazikidwa pamiyala, anyamata a maovolosi othimbirira ndi girisi. Tchuthi cha Ogasiti chapitachi ine ndinakhota n'kulowa m'kati mwa malowa, ndipo ndinathako masiku awiri. Chinandipititsa ndi kanyali kachikasu ka zilembo zitatu, ABS, kamene kanayaka padashibodi n'kukana kuzima. Ndikudziwa kuti ambiri a inu amene muli ndi galimoto zokalamba mukuyenda nako kanyali kameneka chiyakire, ena mwachita kukamata ndi tepi, ndiye ndati tikambirane.

Galimoto yanga ndi Corolla ya 2001, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan, n'kutsitsidwa padoko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Kuno kwathu ine ndine mwini wake wachitatu. Ndimaphunzitsa pasekondale ina yoyendera kumtunda kwa Khwekhwerere, ndipo m'midzi yotizungulira galimoto n'zowerengeka. Choncho galimoto ya mphunzitsi si ya mphunzitsi yekha. Kukagogodedwa pakhomo usiku, umadziwiratu kuti pali mayi amene nthawi yake yakwana, kapena mwana amene malungo amukomola. Nthawi zina timathamangira ku Dedza. Nthawi zina achibale amasankha chipatala cha ku Mua, ndipo kupita ku Mua ndiye kuti utsike phiri lonse mpaka ku Golomoti.

Amene simunatsikepo Khwekhwerere, msewuwu umachoka pa Masasa n'kuyamba kudzikulunga m'phiri, khona pamwamba pa khona, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Kukacha bwino chigwa chonse cha kunyanja chimaoneka pansi ngati mphasa yoyalidwa, ndipo alendo amaima kujambula zithunzi. Ife amene timautsika ndi wodwala kumpando wakumbuyo sitiona zimenezo. Timaona mbuzi yotulukira pakhona, njinga ya makala yopanda nyali, mwala umene wagubuduka usiku. Mvula yoyamba ikagwa, fumbi ndi mafuta a chilimwe chonse zimasakanikirana paphula, msewu n'kuterera ngati therere. Apa m'pamene munthu umafuna kuti ukaponda buleki mwadzidzidzi, chiwongolero chizikumverabe.

Imeneyo ndiyo ntchito ya ABS. Tayala likagwidwa ndi buleki mpaka kusiyiratu kuzungulira, limangokhwekhwereza, ndipo tayala lokhwekhwereza silikhota: ungapotoze chiwongolero chotani, galimoto imangolunjika kumene imalowera. Ndiye opanga galimoto anaika kachipangizo pa tayala lililonse, amisiri amakatcha sensa, kowerenga liwiro la tayalalo. Masensa anayiwa amatumiza uthenga kudzera m'mawaya kupita ku kabokosi kamene kali m'boneti, komwe kuli kompyuta yaing'ono, pampu ndi timavavu. Kompyutayo ikaona kuti tayala lina latsala pang'ono kuima pamene anzake akuthamanga, imalimasulira buleki pang'ono n'kuligwiranso, kangapo pasekondi imodzi, mofulumira kuposa phazi la dalaivala aliyense. Luso limeneli linayambira pa ndege, ndipo la makompyuta ngati lathuli linatchuka kuyambira mu 1978 pamene Bosch ndi Mercedes-Benz analiika m'galimoto zawo zodula. Lero lili ngakhale m'tigalimoto timene tikunyamulira nkhuku ndi matumba a mbatatesi.

Kanyali kakayaka osazima, kompyuta ikukuuza kuti yasiya ntchito. Mabuleki wamba amagwirabe, n'chifukwa chake anthu sadandaula. Galimoto imaima bwinobwino pamsika, imaima parodibuloko, mwini n'kumati palibe vuto. Kusiyana kwake kumadzaoneka tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo silitumiza kalata.

Kanga kanayaka m'mwezi wa Julaye, kuzizira kuli pachimake. Makaniko wina wa pamsika wina wakwathu, munthu waluso ndithu pa injini, anayang'ana n'kuseka. “Aphunzitsi, musataye ndalama. Tingochotsa babu, simudzakaonanso.” Anandiuza kuti ambiri amatero, makamaka akafuna kugulitsa galimoto. Ena akuti amachenjera kuposa apo: amalumikiza kanyali ka ABS ku kanyali ka oyilo, kuti injini ikangolira tonse tizimire pamodzi ngati zonse zili bwino. Sindinamukwiyire, poti iye amandifunira zabwino za m'thumba. Koma kuchotsa babu kuli ngati kutseka pakamwa mwana wolira ndi njala. Ndinamuthokoza, ndinadikira kuti mayeso athe ndi malipiro a mwezi alowe, n'kunyamuka mvula isanaganize zobwera.

Ndinachoka kunyumba tambala wachiwiri atalira. Pa Masasa ndinalowa mu M1, umene chigawo chimenechi umayenda m'malire enieni a dziko lathu ndi Mozambique, moti mbuzi ikawoloka msewu yapita kunja popanda pasipoti. Nkhungu inali itagwira kuyambira kumphambano ya ku Bembeke mpaka ku Dedza, ndipo amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi anali atafunda zitenje ziwiriziwiri, ndowa zawo zitandandalikidwa kale. Phiri la Dedza silinkaoneka n'komwe. Kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, koma ndi mtunda wofuna maso: pa Linthipe ndi pa Chimbiya anthu, njinga ndi ngolo zimalowa mumsewu ngati pabwalo la kwawo, ndipo m'mbali mwa phula mwadyeka moti galimoto ziwiri zazikulu zikakumana wanjinga amathawira kutchire. Ndinayenda pang'onopang'ono, kusiya mpata waukulu pakati pa ine ndi wakutsogolo. Pa Kamphata dzuwa linatuluka, pa Nathenje anali akuyatsa kale moto wa ziwaya, ndipo cha m'ma 8 koloko ndinali nditafika.

Ukangokhotera ku Biwi ndi galimoto yokalamba, usanatsike n'komwe, anyamata amakhala atakuzungulira. “Bwana, chavuta n'chiyani? Mashoko? Giyabokosi? Tiyeni kuno, tili nazo zonse.” Ambiri a iwo si amisiri, ndi olondolera: amakutengera kwa mmisiri kapena kushopu, iwo n'kupatsidwako kangachepe, ndipo kangachepeko kamachokera m'thumba mwako momwemo. Mwayi wanga, dalaivala wina wa lole wa kutchalitchi kwathu anali atandilongosolera kwa mmisiri wa zamagetsi a galimoto amene iye amapitako, ndiye ndinangoti ndili ndi munthu wanga kale, n'kumapita.

Malowa ali ndi dongosolo lake limene woyenda pamsewu saliona. Uyu ntchito yake ndi maradiyeta okha, uyo ndi maekizozi, winayo amawongola mabodi, wina amasoka mipando, wina amangodula magalasi. Pali mashopu a zipangizo zatsopano za m'makatoni, ndipo kuseri kwake kuli mipanda ya malata momwe galimoto zakufa zimaphwasulidwa chiwalo ndi chiwalo. Nthaka yake ndi yakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. Phokoso la nyundo, magirayinda ndi mawailesi limasakanikirana moti polankhula umachita kukuwa. Pakati pa zonsezi amayi amadutsa ndi mabeseni a mandasi ndi nthochi pamutu, osagunda kanthu. Chimene ndinazindikira msanga n'chakuti pano munthu sanena kuti sindidziwa ntchito ya mnzanga. Amangokuloza, “Zimenezo pitani kwa akuluwo,” ndipo akuluwo nawo amadzabweza ulemu womwewo tsiku lina.

Mmisiri wangayo anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wosalankhulalankhula, ali ndi anyamata awiri ophunzira ntchito. Shedi yake inali yaing'ono, m'khoma mutapachikidwa mitolo ya mawaya ngati nsomba zoyanika. Nditamufotokozera, sanatsegule boneti. Analowa m'galimoto, n'kuweramira kunsi kwa chiwongolero kumene kuli soketi ya mabowo 16 imene amalumikizako makina oyezera. Makinawo ali nawo anzake a shedi yoyandikana, ndipo amalipiritsa, koma iye anati pa Toyota ya zaka zimenezi galimoto imatha kunena yokha. Anatenga kawaya kakafupi n'kulumikiza mabowo awiri, la 4 ndi la 13, n'kutsegula kiyi osaliza injini. Kanyali kaja kanayamba kuphethira. Katatu, kaima, kawiri. Kenaka katatu, kaima, kanayi.

“32 ndi 34,” anatero. “Tayala lakutsogolo kumanzere, ndi lakumbuyo kumanzere. Koma aphunzitsi, zimenezi musakayesere kunyumba. Bowo lina pamenepa lili ndi moto wa batire, mukaphonya mupsereza zinthu zodula.”

Apa m'pamene ambiri amaluzira ndalama, chifukwa akangomva kuti tayala lakuti, amathamangira kukagula sensa yatsopano. Bamboyu anati nambala ija imangoloza njira, sinena kuti wolakwa ndani. Anakweza galimoto pajeke, n'kuikanso zitsulo zochirikiza, n'kuchotsa tayala. Anamasula soketi ya sensa yakutsogolo n'kuyeza ndi mita: inawerenga ma ohm opitirira pang'ono 1,000, kusonyeza kuti sensayo ndi yamoyo. Kenaka anasintha mita kuti iyeze mphamvu ya magetsi, n'kuuza mnyamata kuti azungulitse habu ndi manja. Manambala anayamba kuyenda, osafika ngakhale voti imodzi, koma mnyamata akafulumiza nawonso amakwera.

Ndivomere kuti apa mtima wa uphunzitsi unandigunda. Ndimaphunzitsa fizikisi, ndipo chaka chilichonse ndimajambula pabolodi maginito ndi koyilo ya waya, n'kufotokozera ana a Fomu 4 zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831, kuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi koyilo, mu wayamo mumabadwa magetsi. Anawo amaloweza, amalemba pamayeso, ena amakhoza, koma sanazionepo. Sensa ija ndi zomwezo basi: maginito wokulungidwa ndi kawaya kopyapyala, ataima pafupi ndi mkombero wa mano umene umazungulira limodzi ndi tayala. Dzino lililonse likadutsa, kamphamvu kamabadwa, ndipo kompyuta imawerenga kuti mano akudutsa angati pasekondi. Pa galimoto yangayi manowo alipo 48. Mnyamata uja anachita kuwawerenga ndi choko. Bamboyo anati amawerenga dala, chifukwa anthu akamasintha ma CV joint amagula otchipa amene alibe mkomberowo, kapena a mano osiyana nambala, kenaka n'kumadabwa kuti kanyali kayakiranji.

Sensa ili bwino, mano ali bwino, ndiye kunatsala njira ya pakati. Anayeza kuchokera pasoketi ya patayala kukafika pasoketi yaikulu ya pakabokosi ka ABS, mita inangoti zii. Anachotsa chipulasitiki cha m'kati mwa madigadi, n'kutsata mtolo wa mawaya umene iwo amautcha hanesi, mpaka kuseri kwa nyali yakutsogolo. Kumeneko tinapeza chisa: zinyenyeswa za chiguduli, makoko a mtedza, ndi zitosi zosabisika mwini wake. Makoswe anali atachita phwando. Mawaya awiri a sensa anali atadukiratu, ena atatu atasendedwa mpaka mkuwa kuonekera, ndipo chinyezi chinali chitalowa moti mkuwawo unasanduka wobiriwira mpaka m'kati mwa soketi. Kwathu kumazizira, ndipo galimoto ikaima usiku injini imakhala yofunda kwa maola angapo. Kwa khoswe imeneyo ndi nyumba ya alendo yaulere, makamaka miyezi imene chimanga changolowa kumene m'nyumba. Kumbuyo nkhani inali ina: kawaya kochoka pahabu kupita kubodi kanali katathothoka pa kogwirira kake n'kumakhuzana ndi chitsulo mpaka kuperepeseka, ntchito ya misewu yathu ya mabampu ndi ziputu.

Ndinafunsa ngati sitingangolumikiza podukapo n'kukulunga tepi. Anapukusa mutu. Anati akanakhala waya mmodzi wodukira pouma, akanawotcherera bwinobwino n'kutseka. Koma dzimbiri lobiriwira likalowa limayenda m'kati mwa chikopa cha waya kumene diso silifika, ndipo uthenga wa sensa ndi wochepa mphamvu kwambiri moti polumikiza pakangokhala polobodoka, kompyuta imaona ngati tayala laima pamene likuyenda. Zikatero ABS imatha kumasula buleki pamene iwe ukufuna kuima. “Yakufa ndi yabwino kusiyana ndi yonama,” anatero. Anandionetsanso kuti mawaya awiri a sensa iliyonse ndi opotana ngati chingwe cha khonje, ndipo anawapota dala kuti asatole phokoso la magetsi a injini. Wolumikiza ndi waya wa nyale ya m'nyumba amaononga zimenezo.

Ndiye tinayamba kusaka hanesi ina. Kumashopu a zatsopano anatiuza kuti ya galimoto ya zaka zoposa 20 n'kuchita kuitanitsa kunja, ndipo mtengo umene anatchula, ndi mmene kwacha yagwera kuyambira pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, unali woti ndingogulitsa galimotoyo. Tinalowera kumipanda ya malata.

Ulendo umenewu ndi umene unandionetsa Biwi weniweni. Mnyamata wamkulu wa mmisiri uja ankatsogola, atalemba padzanja nambala ya mtundu wa galimoto yanga, NZE121, imene ili pa kachitsulo ka m'boneti. Anati dzina lakuti Corolla palokha silithandiza, chifukwa ma Corolla ndi ambiri: ena anabwera opanda ABS, ena anapangidwira ku Joni ndipo masoketi ake nthawi zina amasiyana ndi a ku Japan. Mumpanda woyamba tinapeza mainjini ataunjikidwa ngati maungu, koma mawaya onse anali atadulidwa ndi chikwanje pochotsa injiniyo. Wachiwiri anali nayo hanesi, koma ya galimoto ya injini ina. Mwachitatu mwini wake anaseka: “Mukanabwera sabata yatha. Anyamata anaotcha.” Ndinamva pamenepo kuti mawaya a galimoto zakufa sakhalitsa, poti amawatentha kuti pulasitiki ipse, mkuwa n'kukagulitsa pasikelo. Utsi wakuda wonunkha umene umaoneka kuseri kwa mipanda madzulo ndi umenewo. Chinthu chimene mphunzitsi wachokera nacho ku Dedza kudzachifuna, chimapsa kuti chigulitsidwe pa mtengo wa mbale ya nsima.

Tinaipeza dzuwa litapendeka, mumpanda wachisanu. Inali Fielder ya zaka zomwezo, yomwe kutsogolo kwake n'chimodzimodzi ndi yanga, itaphwanyika kumbuyo mpaka mpando wakumbuyo kukhudzana ndi wakutsogolo. Ndinaima kanthawi ndikuiyang'ana. Pagalasi panali pakadali kapepala ka inshuwalansi, ndipo pansi pampando panali nsapato imodzi ya mwana. Palibe amene anafunsa za eni ake, nanenso sindinafunse. Mnyamata uja anakana kuti eni mpanda adule okha. Anagwada yekha ndi sikuludiraiva, kumasula kogwirira kalikonse, soketi iliyonse, mpaka mtolo wonse wa m'boneti unatuluka wathunthu, pamodzi ndi kawaya ka kumbuyo kumanzere kamene mwamwayi ngozi ija sinakakhudze. Tinanenerera mtengo kwa theka la ola. Anayambira kumwamba poona kuti ndavala shati ya kolala, tinakathera pa ndalama yofanana ndi matumba awiri a chimanga. Walira mvula walira matope.

Usiku ndinagona kwa msuweni wanga ku Kawale, galimoto n'kutsala m'manja mwa mlonda wa mashedi.

M'mawa mwake ntchito inayamba ndi kumasula batire, waya wa nekativu poyamba. Bamboyo anayala hanesi yogulayo pathebulo n'kuyeza waya aliyense ndi mita, kuchokera kusoketi ina kukafika kuinzake, akuupindapinda kuti ngati wadukira m'kati aonekere. Pa galimoto imeneyi mawaya a ABS sayenda okha njira yonse. Amalowa mumtolo waukulu umene umanyamulanso a nyali, a hutala ndi a fani. Iye anasankha kusintha mtolo wonse wa m'bonetiwo m'malo mong'amba wakale, poti makoswe anali atalawanso mawaya a nyali. Asanachotse wakale, mnyamata wamng'ono anajambula ndi foni paliponse pamene mtolowo umadutsa, ndipo soketi iliyonse yomasulidwa ankaimata kapepala kolembapo dzina. Masoketi achikasu anati asawakhudze wina aliyense koma iye mwini, chifukwa amenewo ndi a zikwama za mpweya zija zimaphulika pangozi.

Ntchito yeniyeni inali yotopetsa kuiyang'ana. Bampala inachoka, nyali zinachoka, bokosi la mafyuzi linamasulidwa, ndipo kuti mtolo udutse pakhoma la pakati pa injini ndi anthu, mnyamata anachita kugona chagada pansi pa dashibodi miyendo ili panja. Pabowo limenelo pali mphira wotchinga kuti chitsulo chisacheke mawaya ndiponso madzi asalowe. Bamboyo anaupaka sopo kuti ulowe bwino, ndipo anaubwereza kawiri mpaka unakhala m'malo mwake. Pamene panandigwira mtima ndi pa mawaya otsikira kumatayala. Anati apa m'pamene pamagona luso lonse, chifukwa tayala limakwera, limatsika, limakhota, ndipo waya ayenera kulitsatira popanda kukokeka kapena kukhuza kanthu. Akafupika amaduka pabampu yoyamba, akatalika amakodwa ndi chiputu kapena kudyedwa ndi tayala. Anabwezera kogwirira kalikonse pamalo pake, tothyoka n'kuika tatsopano, kenaka anauza mnyamata kuti apotoze chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, mpaka kumapeto kumanzere, iye akuyang'ana ndi tochi. Pomangira waya wa nekativu kubodi anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, poti pampu ya ABS imakoka moto wambiri ndipo pamalo pa dzimbiri siingakoke.

Cha m'ma 11 koloko magetsi anathima, magirayinda onse a Biwi n'kukhala chete nthawi imodzi, moti kwa nthawi yoyamba ndinamva nkhunda zikulira padenga. Panali waya mmodzi wa hutala wofunika kuwotcherera. Bamboyo sanadandaule. Anatuma mnyamata kukabwereka mbaula kwa mayi wophika tiyi, n'kuikapo chitsulo chake chakale cha mutu wa mkuwa, chikafiira n'kumawotcherera nacho. Masana tinakadya nsima ya chiimirire, ya bonya ndi mpiru, ndipo kumeneko ndi kumene anandiuza kuti ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume ake, ndipo kuti galimoto za masiku ano zikumuvuta chifukwa masensa ake ndi a mtundu wina, ofuna kupatsidwa moto, osayezeka ndi mita mmene anayezera yanga ija. Anati mnyamata wamng'onoyo, amene anafika Fomu 4, ndi amene amamuwerengera za pa intaneti. Anandifunsa ngati ana a sukulu yanga amaphunzira kugwiritsa ntchito mita. Ndinamuuza kuti sukulu yonse ili ndi imodzi, ndipo ndi yanga.

Mapaipi a mafuta a mabuleki sanawakhudze, choncho panalibe zochotsa mpweya. Atabwezera batire analumikizanso kawaya kaja pa mabowo awiri aja, n'kutsegula kiyi, n'kuponda buleki mofulumira maulendo oposa 8 kuti kompyuta iiwale zolakwa zakale. Anachotsa kawayako, kuzimitsa, kutsegulanso. Kanyali kanayaka, tinawerenga mumtima, ndipo patatha masekondi atatu kanazima kokha injini isanalire, ka oyilo kakadali chiyakire. Anati ndikauze anzanga ogula galimoto kuti mayeso ake ndi amenewo: tsegulani kiyi osaliza injini. Kakapanda kuyaka n'komwe, babu anachotsa. Kakadikira kuti injini ilire kuti kazime limodzi ndi ka oyilo, pali chinyengo. Anawonjeza kuti kanyali kofiira ka mabuleki ndi nkhani ina: kakayaka handibuleki ili yotsitsa, onani mafuta a mabuleki musanasunthe n'komwe.

Komabe anati kuzima kwa nyali pagalaja si umboni, poti kompyuta imafuna kuona matayala onse anayi akuyenda. Tinatuluka naye kukafuna msewu wafumbi wopanda anthu. Anandiuza kuti ndifike pa 40, kenaka ndiponde buleki ndi mphamvu zanga zonse osachotsa phazi. Pedulo inanjenjemera pansi pa phazi langa, kutsogolo kukumveka kukukuta ngati chigayo chatsamwa, ndipo galimoto inaima molunjika. Anati tibwerezenso, koma ulendo uno ndikhote pang'ono ndili chipondere, ngati ndikuzemba mbuzi. Inakhota. “Kunjenjemerako ndiye kugwira ntchito kwake,” anatero. “Ambiri akamva zimenezo amachita mantha n'kuchotsa phazi, ena amayamba kupopa. Inu pondani basi, maso kumene mukufuna kupita.” Anandichenjezanso kuti pamsewu wa miyala yosakhazikika kapena pamchenga, galimoto ya ABS imatha kuima patali kusiyana ndi yopanda, ndiye ndisayese kuti ndagula chilolezo chothamangira. Ndipo matayala akatha mapanga, palibe kompyuta imene ingawabwezere. Awiri akumbuyo anawaloza ndi phazi, osanena kanthu.

Ndinamulipira, ndipo ndalama ya ntchito yake ya tsiku ndi theka inali yochepa kusiyana ndi ya hanesi ija. Mtolo wakale anyamata anali ataupenyetsetsa kale chifukwa cha mkuwa, ndiye ndinawasiyira, koma ndinapempha sensa imodzi yakutha ndi mkombero wa mano wa CV joint yakale zimene zinali m'chidebe cha zotaya. Teremu ino ana a Fomu 4 azungulitsa okha mkomberowo n'kuona mita ikuyenda.

Za makoswe, bamboyo anati palibe waya amene angawaletse. Anakulunga mtolo watsopanowo ndi paipi ya pulasitiki yolimbirako m'malo amene anadyedwa aja, n'kundiuza kuti ndizitsegula boneti kawirikawiri, ndisamasiye chakudya kapena matumba a mbewu m'galimoto usiku, ndipo udzu wozungulira poimika ndizitchetcha. Ndinanyamuka cha m'ma 3 koloko kuti mdima usandipeze pa Linthipe, ndipo kanyali sikanayakenso njira yonse. Matayala awiri aja ndagula limodzi, linalo lidikira malipiro a mwezi uno. Mphaka ndapempha kwa alamu anga. Akuti ndidikire, wawo sanaswe.